MOTO WOGONERA: MBIRI YA KUSUNGA KUTENTHA M'MIDZI YA KU MANGOCHI

MAU OYAMBA

Mlendo akamva dzina la Mangochi amaganiza za dzuwa la mwezi wa Okotobala, pamene mchenga umaotcha mapazi ndipo anthu amagona pakhonde. Koma eni dziko amadziwa kuti kuno kulinso chisanu. Mwera ukayamba kuomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, asodzi amabwera kumadzi m'mamawa alikunjenjemera, ndipo kumapiri a Namwera nkhalamba sizichoka pamoto. Ndiponso nyengo iri yonse, ya dzuwa kapena ya chisanu, banja limafuna chakudya chotentha ndi madzi ofunda.

Kusonkha moto ndi nzeru imodzi. Kusunga kutentha kwake ndi nzeru inanso. Nkhuni zikapsa, kutentha kwambiri kumathawira kumwamba osagwira nchito iri yonse. Makolo athu anaona zimenezi, ndipo anayesa zinthu zosiyanasiyana kuti akuchedwetse: phulusa, dothi, miyala, mchenga, madzi ndi udzu. Pambuyo pake kunabwera njerwa ndi chitsulo cha m'sitolo. M'kabuku kano tifuna kulondola mbiri ya zinthu zimenezi chimodzichimodzi, ndi kuziyerekeza, kuti inu amai ndi abambo amene mwayamba kuwerenga muone chimene chingakuthandizeni pakhomo panu. Nkhani yake siyachibwana iai, pakuti mitengo irikutha, ndipo mtolo wa nkhuni umene kale unali kuseri kwa nyumba lero uli kutali kuphiri.

PHULUSA NDI CHIKUNI

Nthano ya Achewa imati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, ndipo anakhala mwamtendere ndi nyama kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linapsa, nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba. Nthanoyi itiphunzitsa kuti akale ankauona moto ngati chinthu chachikulu ndi choopsa.

Kupeka moto inali nchito yotopetsa, makamaka m'dzinja mitengo iri yonyowa. Machesi anapangidwa koyamba ku Mangalande cha m'ma 1826 ndi munthu wina dzina lake John Walker, ndipo kuno anafika mochedwa ndithu. Chifukwa cha ichi mudzi uli wonse unkasamala kuti moto usazime. Madzulo mai ankaika pamoto chikuni cha mtengo wolimba monga tsanya, nakwirira makala ndi phulusa. M'mawa ankangofukula, kuikapo tiudzu ndi kuuzira, moto nkuyaka. Amene moto wake wazima ankatuma mwana ndi phale kukapala moto kwa mnansi. Nchifukwa chake mpaka lero mlendo akafulumira kutsazika timamfunsa kuti, "Kodi munadzapala moto?"

Nanga phulusa limachita chiani? Ilo palokha silitenga kutentha kwambiri, popeza ndi lopepuka. Nchito yake ndi ziwiri: limatsekereza mpweya kuti makala asapse msanga, ndipo limafunditsa makalawo monga bulangete lifunditsa munthu. Pano tipezapo phunziro loyamba, limene tiyenera kulisunga mpaka kumapeto: pali zinthu zotenga kutentha ndi kukusunga m'kati mwao, ndipo pali zinthu zina zoletsa kutentha kuthawa. Mitundu iwiriyi imagwira nchito bwino ikakhala pamodzi.

DOTHI LA KU NKOPE

Mbiri ya miphika m'dziko lino inadziwika kwambiri chifukwa cha malo a m'boma lathu lomwe lino. Katswiri wofukula zakale, K. R. Robinson, anakumba ku Nkope, m'mbali mwa nyanja panjira yopita ku Monkey Bay, ndipo buku la zimene anapeza linatuluka mu 1970. Iye anapeza mapale okhuthala a milomo yokongoletsedwa, pamodzi ndi zotsalira za chitsulo chosungunula. Poyesa makala amene anali pamodzi ndi mapalewo, kunapezeka kuti anthu ake anakhalapo kuyambira cha m'ma 300 kapena 400 A.D. Tsono miphika ya mtundu umenewu, kuli konse kumene ipezeka, akatswiri amaitcha miphika ya Nkope. Mtundu wina wa pambuyo pake, umene amati ndi wa Amaravi, umatchedwa wa Mawudzu, ndipo wina wa zaka za m'ma 1700 ndi 1800 umatchedwa wa Nkhudzi. Maina onse atatu ndi a malo a kumwera kwa nyanja kuno.

Izi zitanthauza kuti kwa zaka zoposa 1,500 amai a kuno akhala alikuumba nkhali, miphika, mikhate, mitsuko ndi mbiya. Mphika wadothi umachedwa kutentha, koma ukatentha umachedwanso kuzirala. Mai aliyense adziwa kuti nyemba za m'mphika wadothi zimapitiriza kubwadamuka ngakhale ataziphula. Dothi siliyendetsa kutentha mofulumira, motero ndiwo sizipserera msanga, ndipo mwamuna wochedwa kunyanja amapeza chambo chake chikadali chofunda.

Amisiri osula anadziwanso mphamvu ya dothi. Ng'anjo zao ankazimanga ndi dothi la pachulu, chifukwa makoma ake ankasunga moto woposa madigiri 1,000, wokwanira kulekanitsa chitsulo ndi mwala. Chodabwitsa nchakuti dothi lomwelo limasunganso kuzizira. Mtsuko umatulutsa timadzi pang'onopang'ono m'timabowo tosaoneka, ndipo timadzito tikamauma timachotsa kutentha, madzi a m'kati nkukhala ozizira ngakhale m'chilimwe.

MIYALA NDI MCHENGA

Mafuwa atatu ndi akale monga mphika umene amanyamula. Nchito yao yoyamba ndi kuchirikiza mphika, koma amatenganso kutentha, ndipo usiku amakubweza pang'onopang'ono m'nyumba. Ndicho chifukwa mphaka ndi galu amakonda kugona pafupi ndi mafuwa moto utazima kale. Ubwino wa mwala ndi wakuti ungathe kutenthedwa koposa, kufika madigiri 400 kapena 500, osaonongeka msanga. Koma pali chenjezo. Mwala wotola m'madzi kapena wonyowa m'kati ungathe kuphulika pamoto, chifukwa madzi a m'ming'alu yake amasanduka nthunzi yosowa potulukira. Posankha mafuwa, tengani miyala youma ndi yolimba ya kumtunda.

Mchenga ndi miyala yomweyo yoperekeka, koma pakati pa timiyalato pali mpweya. Chifukwa cha ichi kutentha kumayenda mochedwa mumchenga wouma. Masana pagombe mchenga wa pamwamba umaotcha, koma mukafukula pang'ono ndi phazi mupeza wozizira. Asodzi akale ankayanika usipa pamchenga wotentha, ndipo unkauma msanga, koma unkalowa mchenga, ogula nadandaula. Nchifukwa chake pambuyo pake kunabwera mathandala a bango. Amai okazinga mtedza ogulitsa amaika mchenga m'chiwaya kuti kutentha kufalikire mofanana, mtedza usapserere mbali imodzi.

NJERWA, CHITSULO NDI MALATA

David Livingstone anafika pa nyanja ino mu Sepitembala 1859. Mu Okotobala 1875 sitima yoyamba ya nthunzi, Ilala, inadutsa kwa Mponda nilowa m'nyanja, itanyamula Dr. Robert Laws ndi anzake amene anakamanga mishoni ku Cape Maclear. Anthu a m'mbali mwa nyanja anaona kwa nthawi yoyamba mphika waukulu wachitsulo, wodzaza madzi owira, ulikuyendetsa chombo. Zinabweranso sitima zina monga Guendolen ya Boma mu 1899 ndi Chauncy Maples ya mishoni mu 1901. Sitima zimenezi zinkadya nkhuni zambiri, ndipo m'madooko munkakhala milu ya mitengo yodulira izo.

Mu 1891 Boma la Angerezi linamanga linga la Fort Johnston moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ndipo patapita zaka zowerengeka linasamukira pamalo pamene pali tauni ya Mangochi tsopano. Pamenepo panayamba kumangidwa nyumba za njerwa zootcha. Nsanja ya koloko yokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamangidwa mu 1903 pafupi ndi mtsinje, ndi mboni ya njerwa za nthawi imeneyo. Masitolo, monga a kampani ya Mandala imene inayamba mu 1878, anabweretsa machesi, mapoto achitsulo ndi malata.

Chitsulo chiri ndi khalidwe losiyana ndi dothi. Chimalandira kutentha mofulumira ndipo chimakutayanso mofulumira. Poto wa m'sitolo amawiritsa tiyi msanga, koma mukamphula sachedwa kuzirala. Mbaula yachitsulo yosula kuchokera ku migolo yakale imatentha mbali zonse, ndipo kutentha kwambiri kumapita kumiyendo ya wophika m'malo mwa kumphika. Denga lamalata nalonso litero: masana a chilimwe nyumba imasanduka uvuni, ndipo usiku wa Juni imazizira ngati pabwalo. Khoma lochindikala la dothi kapena la njerwa limamwa kutentha kwa masana ndi kukubweza usiku, pamene denga laudzu limaletsa dzuwa kulowa. Malata ali ndi ubwino wao, pakuti sadontha ndipo safuna kufolera chaka ndi chaka. Koma wofolera malata achita bwino kuika denga lachiwiri la mphasa kapena bango kunsi kwake.

MADZI: NKHOKWE YOPOSA ZONSE

Cha m'ma 1760 mphunzitsi wina wa ku Glasgow, Joseph Black, anaonetsa kuti zinthu zolemera mofanana sizitenga kutentha kofanana. Ophunzira a pambuyo pake anayesa chinthu chiri chonse, ndipo zimene anapeza ndi izi. Tikatenga kilogalamu imodzi ya madzi, imodzi ya mwala, imodzi ya njerwa, imodzi ya mchenga wouma ndi imodzi ya chitsulo, nkuzitenthetsa mofanana, madzi amasunga kutentha pafupifupi kasanu kuposa mwala, njerwa kapena mchenga, ndipo pafupifupi kasanu ndi kanai kuposa chitsulo. Palibe chinthu china pakhomo chimene chingapose madzi pa muyeso umenewu.

Umboni wake uli pamaso pathu. Nyanja yathu, imene kwina ndi yakuya mamita 700, imamwa dzuwa chaka chonse. Madzi ake a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29, osasintha kwambiri usana ndi usiku. Msodzi wolowa m'madzi mbandakucha wa Julayi amawapeza ofunda kuposa mphepo ya pamtunda. Midzi ya pagombe sizizira usiku monga midzi ya kumapiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi nkhokwe yaikuluyi.

Komatu madzi ali ndi malire. Akafika pafupi ndi madigiri 100 amawira ndi kuthawa ngati nthunzi, ndipo simungawatenthetse koposa apo m'poto wamba. Apa ndi pamene mwala umabwezera. Makilogalamu 10 a madzi otsala pang'ono kuwira amasunga kutentha kofanana ndi makilogalamu 10 a mwala wotenthedwa kufika madigiri 400. Tsono madzi ndi abwino pa zofuna kufunda, monga kusamba, kutsuka ndi kuthowa wodwala. Mwala ndi njerwa ndi zabwino pa zofuna moto waukali, monga kuphika buledi ndi zigumu mu uvuni. Wophika buledi amasonkha moto mu uvuni wa njerwa, nachotsa makala, naikamo buledi; chimene chimapsereza ndi kutentha kosungidwa m'makoma.

ZOFUNDITSA

Tanena kale kuti phulusa ndi bulangete la moto. Zinthu zonse zopepuka ndi zouma, zokhala ndi mpweya wosayenda m'kati mwao, zimagwira nchito yomweyo: udzu, thonje, utuchi, mankhusu a mpunga, makoko a chimanga, masamba ouma a nthochi ndi nsanza. Zikanyowa mphamvu yao imatha.

Ku Ulaya alimi a ku Norway ankaika mphika wowira m'bokosi lodzaza udzu wouma kuti chakudya chipse chokha. Bokosi lotere linaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1867, ndipo pa nkhondo ziwiri zazikulu, ya 1914 ndi ya 1939, mabanja ambiri analigwiritsa nchito chifukwa malasha anali osowa. Mu 1892 James Dewar wa ku Scotland anapanga botolo la makoma awiri lochotsedwa mpweya pakati pake, ndilo kholo la fulasiki imene timasungiramo tiyi ndi phala la mwana. Mu 2008 mai wina wa ku South Africa, Sarah Collins, anayamba kusoka thumba lofunditsa mphika lotchedwa Wonderbag.

Ife sitisowa kugula zimenezi. Dengu la nsungwi kapena la mlaza likwanira. Yalani m'kati mwake thonje, mankhusu kapena nsanza zochindikala ngati m'lifupi mwa chikhatho, pansi ndi m'mbali monse, nimukute ndi nsaru. Sokaninso kapilo kobvundikira pamwamba. Nyemba zimene mwaziviika usiku muziwiritse bwino pamoto kwa mphindi 20, kenaka muike mphikawo m'dengu uli chibvundikirire, osautsegula kwa maora atatu kapena anai. Mpunga ufuna mphindi zisanu pamoto ndi ola limodzi m'dengu. Nkhuni zimene zikanayaka maora onsewo zatsala pamtolo. Koma chakudya chikakhalitsa m'dengu mpaka kuyamba kuzirala, chiwiritseninso musanadye, chifukwa tizirombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana m'chakudya chofunda pang'ono.

ZIMENE ANAYESA MAIKO ENA

Anthu ophunzira anafunafunanso zinthu zina zoposa izi. Mu 1948 mai wina wasayansi, Maria Telkes, anathandiza kumanga nyumba ku Dover m'dziko la Amereka, imene inkasunga kutentha kwa dzuwa m'migolo ya mchere wa mtundu wina wosungunuka pa madigiri 32. Mcherewo ukamasungunuka masana unkamwa kutentha kwambiri, ndipo ukamaumanso usiku unkakubweza. Nyumbayo inafunda bwino poyamba, koma patapita zaka zochepa mchere unadya migolo nuyamba kudontha, ndipo nchitoyo inalekeka.

Mu 2022 anthu a ku Finland, m'tauni ya Kankaanpää, anamanga nkhokwe yachitsulo yodzaza matani 100 a mchenga. Amautenthetsa ndi magetsi kufika madigiri 500, ndipo kutenthako kumakafunditsa nyumba za m'tauni. Onani tsono: atayesa zambiri zodula, anthu a maiko olemera abwerera ku mchenga umene ife timauponda tsiku ndi tsiku. Anausankha chifukwa ndi wotsika mtengo, suwira, suchita dzimbiri, ndipo suthawitsa kutentha msanga.

MASIKU ANO

Pa kalembera wa 2018 boma la Mangochi linapezeka ndi anthu oposa 1,100,000, ndipo m'dziko lonse mabanja oposa 9 mwa 10 ali onse ankaphikira nkhuni kapena makala. Kuno kunyanja nkhuni zimafunikanso poamba nsomba ndi pootcha njerwa. Mapiri amene anali obiriwira ayamba kuyera. Mitengo ikatha kuphiri, mvula imakokolola nthaka kupita nayo kunyanja, matope nakwirira malo amene chambo chimaswerana. Motero nkhani ya pamafuwa imafika mpaka muukonde wa msodzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Mulanje kunayamba kuumbidwa mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo, ndipo inafalikira m'maboma ambiri. Mu 2013 Boma la Malawi linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosaononga nkhuni zikhale zitafika 2,000,000. Mbaula imeneyi ndi mdzukulu wa mphika wa ku Nkope: dothi lootcha lozinga moto, loutchinjiriza ku mphepo ndi kuulozetsa kumphika. Imatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Ikatentha imakhalabe yofunda moto utazima, ndipo mungathe kutenthetsapo madzi osamba popanda kuonjeza nkhuni.

Pano pafunika chenjezo lalikulu. Musagone ndi mbaula ya makala oyaka m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire chotani. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Ngati mufuna kufunditsa nkhalamba kapena wodwala, tenthetsani njerwa youma pamoto wa kunja, muikulunge m'nsaru yochindikala, nimuiike kumapazi ake. Kapena thirani madzi otentha m'botolo lotseka bwino, nimulikulungenso. Kwa khanda ndi kwa munthu amene mapazi ake samva bwino, yambani mwayesa ndi dzanja lanu kuti asapse.

TISANKHE CHITI?

Titayerekeza zonse, tiona kuti palibe chimodzi choposa pa nchito zonse. Madzi amasunga kwambiri koma sapitirira pa kuwira. Mwala ndi njerwa zimapirira moto waukali koma ndi zolemera. Mchenga ndi waulere ndipo umachedwa kutaya kutentha, koma umachedwanso kukulandira. Dothi lootcha liri pakatikati, ndipo mai angathe kuliumba monga afuna, ngakhale limasweka likagwa. Chitsulo ndi chofulumira koma chosasunga. Phulusa, udzu ndi thonje sizisunga zokha, koma popanda izo zina zonse zimazirala msanga.

Banja lanzeru lidzaphatikiza zimenezi. Lidzaphika pa mbaula yadothi, lidzamaliza nyemba m'dengu lofunditsa, lidzaika ndowa yakuda ya madzi padzuwa masana kuti ana asambe madzulo popanda nkhuni, ndipo pomanga nyumba lidzakumbukira khoma lochindikala ndi denga losaotcha. Zonsezi ziri m'manja mwathu, ndipo zambiri sizifuna ndarama. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Nzeru yao yokwirira moto yagonera zaka mazana ambiri, ndipo ikadali ndi makala amoyo m'kati mwake. Yafika nthawi yakuti ife tiifukule ndi kuiuzira, kuti adzukulu athu adzapeze mitengo kuphiri ndi chambo m'nyanja.